Makina ogulitsa okha aja, angayende kwathu kuno pa Airtel Money ndi Mpamba?

Bambo a Tadala (Joni): Abale anga mwaswera bwanji kumudziko. Ndili ndi kaganizo nde ndati ndikaponye pano mundigawire nzeru. Kuno ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito akuchotsa makina aja ogulitsa zakumwa ndi tinthu totafuna, aja umaponya ndalama nkudina batani botolo nkugwa lokha, akuti abweretsa atsopano a khadi nde akalewa akugulitsa motchipa. Firiji yake ikuzizira bwinobwino. Ndikuganiza zogula amodzi ndikweze pa thiraki ndikawaike kwathu ku Goliati kufupi ndi ana a yunivesite ya MUST kapena pa Thyolo boma. Funso ndi loti zingatheke kuti anthu azilipira pa foni, Airtel Money kaya Mpamba, ine ndili konkuno ndizingoona kuti lero zatuluka zingati? Zosiya munthu pa okala ndinatopa nazo, mwezi ukatha katundu palibe ndalama palibe.

Kabaza wa pa Thunga: kkkkk big mukufuna mutibweretsere loboti ku Goliati? tizingoligwedeza mpaka mabotolo onse agwe

Adimini: A Kabaza tayambani mwamva kaye, nkhaniyi ndi yabwino. A Waya muli pompo? iyi ndi mbali yanu

Waya wa pa Luchenza: Ndilipo adimini ndinali pa firiji ya kasitomala. Achimwene a Tadala, choyamba muiwaliretu mbali yolandira ndalama yomwe ili mmakinamo. Kachipangizo ka makobidi kaja kanaphunzitsidwa kuzindikira ma rand, kamayeza kukula ndi mtundu wa chitsulo, nde K10 yathu kangoilavula, komanso olo kakanailandira mungagule chani ndi K10 lero? Kolandira zamapepala nakonso kamafuna pulogalamu ya kwacha, ndipo ndalama zathu mukuzidziwa mmene zimakhalira zikadutsa pa msika wa Chitakale, zonyowa, zopindika, zina zomata ndi selotepi, makina amakana zonsezo. K2,000 inabwera 2016, K5,000 inabwera 2022, pepala latsopano likatuluka pamafunika kukonzanso pulogalamu. Nde apa mwaganiza bwino kuti pakhale pa foni basi. Koma musanapereke ndalama kwa abwanawo tsegulani chitseko muone pa bodi, ubongo wa zamagetsi woyendetsa makinawo. Mufufuze kapulagi koyera ka mabowo 6 komwe mawaya a kolandira makobidi amalowa, chimenecho ndi MDB, ndiye chilankhulo chomwe bodi imalankhulira ndi zipangizo zolipirira. Ngati chilipo muli ndi mwayi, kabokosi kolipirira pa foni kamangolowa pomwepo. Ngati palibe nde mwina makinawo ndi akale kwambiri, amayendera njira ina, zimatheka komabe ndi zovutirapo. Muonenso kabowo kena kozungulira konga ka maikolofoni ya kutchalitchi, ako ndi ka DEX, ndi komwe makina amatulutsira kaundula wa zomwe agulitsa mzere uliwonse.

Bambo a Tadala (Joni): Eee a Waya mwanditsegula mmaso, ine ndimangoona kuti ikuzizira basi kkkk. Mawa ndijambula

Mayi a Chifundo (Chitakale): Ine ndingofunsako ngati munthu wa gulosale. Kasitomala walipira pa foni, makinawo adziwa bwanji kuti ndalama yalowadi? Chifukwa ine pano anthu amandionetsa meseji pa sikirini, tsiku lina kunabwera kamnyamata kovala bwino ndithu katenga shuga, sopo ndi mafuta, nkundionetsa foni kuti mayi taonani zapita, dzina langa lilipo ndalama yake yomweyo, koma chala chake chili pamwamba pa meseji paja pamakhala deti. Ndinati tachotsa chala mwanawe. Meseji ya sabata yatha, anagulapodi nthawi imeneyo. Anangoseka nkumati netiweki mayi, nkusiya katundu pa kauntala ulendo. Nde makina opanda maso atani?

Mwana wa pa Ndata: Mayi funso lanulo ndiye phata la nkhani yonse. Makina sayenera kukhulupirira meseji ya SMS olo pangono, ya kasitomala kaya yobwera pa simu yawo, chifukwa meseji aliyense atha kuilemba. Mmene zimayendera ndi chonchi. Munthu wasankha Fanta pa B3, walemba nambala yake ya foni pa timabatani kapena wajambula QR, kachizindikiro ka timabokosi kowerengedwa ndi kamera ya foni. Mkati mwa makina muli modemu yokhala ndi simu khadi, iyo imatumiza uthenga ku seva, kompyuta ya pa intaneti yoyang'anira malondawo, kuti makina akuti, mzere wakuti, mtengo wakuti. Seva ndi imene imalankhula ndi kampani ya foni, nde pa foni ya kasitomala pamatulukira kauthenga koti lowetsani PIN. Akalowetsa, kampani ya foni imauza seva mwachindunji kuti ndalama yadulidwa, seva nkuuza makina kuti tulutsa. Kasitomala sanyamula umboni uliwonse mmanja, nde palibe choti abise ndi chala. Kenako pansi paja pogwera botolo pamakhala sensa, ikaona kuti chinthu chadutsa bodi imanena kuti zatheka, ikapanda kuona imanena kuti zakanika ndipo seva iyenera kubweza ndalama yokha osadikira kuti munthu akadandaule. Mu MDB momwemo mauthenga amenewa alimo kale, vend request, vend approved, vend success ndi vend failure, sizoti tikupeka ife.

Mayi a Chifundo (Chitakale): Achemwali mwafotokoza bwino koma mwatchula netiweki katatu pamenepo kkkk. Kunja kuno osati ku kalasi

Mwana wa pa Ndata: Zoona mayi, ndipo sikatatu kokha. Malo oopsa ndi pakati paja, ndalama yachoka kale mufoni ya munthu koma uthenga woti tulutsa sunafike pa makina chifukwa netiweki yagwa masekondi omwewo. Munthu waima, wadikira, watukwana, wapita. Patapita mphindi 5 netiweki yabwera, makina nkutulutsa Fanta, wodutsa nkutola. Ndiye wolemba pulogalamu ayenera kuika nthawi, tinene kuti ikadutsa mphindi imodzi ndi theka malondawo afe ndipo ndalama ibwerere, komanso malonda aliwonse akhale ndi nambala yakeyake kuti uthenga ukabwera kawiri makina asatulutse kawiri. Zimenezi ndi zomwe zimasiyanitsa makina a bizinesi ndi pulojekiti yongoonetsa aphunzitsi.

Kabaza wa pa Thunga: wodutsa nkutola uja ndikhala ine, siteji ndisamutsira pomwepo

Ejenti wa pa Limbuli: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndimakhala mu kabenchi tsiku lonse nde za anthu ndi ndalama za mufoni ndikuzidziwa. Anthu ambiri kuno ndalama ikangolowa amabwera kudzatapa yonse mpaka kakobiri komaliza, amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku la malipiro ku ma esiteti a tiyi fuloti yanga ya kashi imatha dzuwa lisanapendeke. Ndiye makina anuwo mukawaika pa msika wa Limbuli munthu amene ali ndi K2,000 mthumba ayambe wabwera kwa ine kudzaika mufoni kenako akagule chakumwa, pomwe pambali pake pali mayi wa thobwa ndi mnyamata wa kula bokosi. Sangatero. Chachiwiri kuno kufupi ndi Muloza foni imatha kudumpha yokha nkukagwira netiweki ya ku Mozambique, uli pakhomo pako koma foni ikuti takulandirani ku dziko lina. Simu ya mmakina ikachita zimenezo mudzalira, muyenera kuitsekera kuti izigwira ya konkuno basi. Ndipo makasitomala ena pa tsiku la msika ndi a ku Milange, ali ndi M-Pesa kapena e-Mola ndi ma meticais awo, makina anuwo sawadziwa.

Bambo a Tadala (Joni): Ku Limbuli sindinaganizeko ankolo, ine maso ali pa ana asukulu. Iwo aja ndalama zawo makolo amawatumizira pa foni

Ejenti wa pa Limbuli: Apo nde mwalasa. Ana asukulu, anamwino a naiti, alonda, anthu amene amafuna chinthu nthawi yoti okala onse atseka. Makina amenewa mdani wake ndi okala yotsegula, bwenzi lake ndi usiku. Pa chipatala ngati ku Malamulo kapena Mulanje Mission odikirira odwala amagona panja usiku onse, 2 koloko mbandakucha madzi akumwa ogula ungawapeze kuti? Koma kumeneko mukayambe mwagogoda ku ofesi, malo ndi a eni.

Waya wa pa Luchenza: Tibwerere ku magetsi chifukwa mukuthamangira netiweki musanayatse makina. Mwayi wake South Africa ndi ife mphamvu ndi imodzi, 230V, mungosintha pulagi kuika ya mano atatu a makona yathu ija. Akanakhala ochokera ku America a 110V bwenzi tikukamba za thiransifoma. Koma chimene chimadya magetsi ndi kompuresa ya firiji, bodi ndi modemu zimadya pangono kwambiri. Nde ine ndimati gawani pawiri, bodi, modemu ndi timamota totembenuza ma sipiringi tikhale pa batire ndi kainveta kakangono kuti magetsi akathima malonda asaime, firiji iyo izidikira. Botolo lozizira kale limapirira maola angapo chitseko chikakhala chosatsegulatsegula. Ndipo muike fridge guard, magetsi akabwera ndi mphamvu yosakhazikika kompuresa imapsa, theka la ntchito zomwe ndimagwira pano ndi zimenezo. Za sola musadalire kwambiri kuno, chiperoni chikagwa mu June ndi July dzuwa limasowa masiku angapo motsatizana, mapanelo amangokhala ngati zokongoletsa denga. Chinyezi chomwecho chimadyanso bodi, timiyendo ta ma chip timachita dzimbiri lobiriwira, pamafunika kupopera vanishi wake uja. Ndisaiwale makoswe ndi mphemvu, mmakina mukakhala mofunda ndi fungo la bisiketi amasamukiramo banja lonse, mabowo a pansi mutseke ndi sefa ya waya.

Mayi a Chifundo (Chitakale): Komanso nthawi ya chiperoni ndani amagula chozizira? Ine mu July kireti imodzi imatha sabata ziwiri, mu October imatha tsiku limodzi. Muziika za nyengo, bisiketi, Kamba, mtedza, sopo, mapadi a atsikana, makandulo. Ana a sukulu usiku amafuna zimenezo kuposa Fanta

Mwana wa pa Ndata: Mapadi mayi mwanena zoona, atsikana ambiri amachita manyazi kugula kwa mnyamata wa pa okala

Bambo a Tadala (Joni): Ndikulemba zonse. Nanga zoti ndiziona ndili kuno zija? Abwana anandionetsa pa laputopu, makina atsopanowo akuti ali ndi kabokosi ka Nayax, amaona chilichonse mpaka kutentha kwa firiji

Mwana wa pa Ndata: Eya zimenezo ndi telemetry. Makampani ngati Nayax ya ku Israel ndi Cantaloupe ya ku America amagulitsa kabokosi kolandira khadi komanso kotumiza malipoti, iwe umangotsegula apu nkuona kuti mzere A2 watsala ndi zitatu, chitseko chinatsegulidwa 6 koloko madzulo, magetsi anathima nthawi yakuti, firiji yafunda. Koma achimwene kumbukirani kuti zimenezo zimalipiridwa mwezi ndi mwezi ndipo si mu kwacha, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, amene anali ndi bilu ya madola anadzuka ili pamwamba pomwe mtengo wa bisiketi sungaukweze choncho. Komanso zinapangidwira kwambiri makhadi a banki, ndipo musanagule muwafunse kaye ngati angalumikize ndi ndalama za pa foni za kuno. Njira ina ndi kudutsira kwa a konkuno ngati PayChangu amene analumikiza kale Airtel Money, Mpamba ndi makhadi pa khomo limodzi, kapena kukapempha akaunti ya bizinesi ku kampani ya foni mwachindunji. Mbali ya mmakina ndi kabodi kakangono ngati ESP32 ndi modemu ndi ka adaputa ka MDB, data yake ndi yochepa zedi chifukwa ndi timauthenga ta malemba osati mavidiyo, bando yaingono imakwana mwezi. Modemu mugule ya 4G yotha kubwerera ku 2G, ndipo ikhale ya masimu awiri, wina akagwa wina anyamule.

Waya wa pa Luchenza: Kuwonjezera apo, kanthu kena komwe anthu saganiza ndi manambala a mtengo. Makina a rand anazolowera mitengo ngati 15.50, sikirini yake mwina imathera pa 99.95, nde mukafuna kulemba K1,500 malo palibe. Mu MDB muli chomwe amati scale factor, mumauza makina kuti 1 akuimira K100, nde 15 ndi K1,500, kenako pa galasi mumata mitengo yeniyeni. Ndipo ndi mmene zinthu zikukwerera pano onetsetsani kuti mtengo muzitha kusintha muli ku Joni komweko, osati mpaka munthu akwere minibasi kukadina mabatani.

Kabaza wa pa Thunga: a Waya sukulu munaithawa bwanji inu kkkk

Waya wa pa Luchenza: Fizi aise

Wamkaka wa ku Bvumbwe: Ine ndakhala ndikungowerenga. Bwanji tikulimbana ndi Fanta pomwe tili ndi mkaka? Ku Kenya kuli makina ogulitsa mkaka, amawatcha milk ATM, munthu amabwera ndi botolo lake nkulipira ndalama yomwe ali nayo, makina nkuthira mlingo wa ndalamayo, kaya theka la lita kaya kapu imodzi. Kumeneko M-Pesa inayamba 2007 nde anazolowera. Ife kuno Thyolo ngombe za mkaka zilipo zambiri, mmawa uliwonse njinga zili ndi zigubu kupita ku ma bulking group komwe alimi amasonkhanitsa mkaka, koma mtengo womwe mlimi amalandira ndi womwe munthu amagulira paketi mu shopu ndi kutali ngati kumwamba ndi pansi. Makina otere atakhala pa Bvumbwe kapena ku Limbe gulu la alimi lingapindule

Mayi a Chifundo (Chitakale): Mkaka ndi wina bambo, magetsi akathima maola 6 thanki yonse yasanduka chambiko, ndani alipire?

Wamkaka wa ku Bvumbwe: Nchifukwa chake ndasangalala ndi za achemwali a pa Ndata zoti makina amatumiza uthenga firiji ikafunda. Ku bulking group thanki yozizira tili nayo kale ndi jenereta, chimene chimasowa ndi kudziwa msanga. Koma ndikuvomera kuti mkaka wogulitsa choncho uyenera kuphikidwa kaye mwa dongosolo lake, ndipo a MBS ayenera kuona ukhondo komanso kuyeza ngati lita ya makinawo ndi lita yeniyeni. Mapaipi ake kutsuka tsiku ndi tsiku, ukangojomba tsiku limodzi mkaka wa mawa wonse waonongeka.

Mphunzitsi wa ku Chonde: Pepani ndilowerere ndi mbali ina. Makina ogulitsa okha omwe akugwiradi ntchito mdziko muno si a Fanta ayi, ndi a madzi. Ku Lilongwe a Water Board anaika ma kiosk a E-Madzi, mayi amabwera ndi kakhadi kake koikamo ndalama, amagunditsa, madzi nkutuluka, akachotsa madzi nkusiya, ndipo luso lake linapangidwa ndi kampani ya konkuno ya iMoSyS. Ubwino wake kiosk siitseka 5 koloko, komanso ndalama sizidutsa mmanja mwa munthu. Ife tonse tikudziwa mmene makomiti a mijigo ndi mipopi amathera kumudzi, anthu amasonkha mwezi ndi mwezi koma mpopi ukaonongeka msungichuma akuti kabuku kananyowa ndi mvula. Madzi a phiri lathu la Mulanje lomweli akuchoka pa Likhubula kupita ku Blantyre kuyambira 2019, ife eni phiri tikukanganabe za K500 ya mkabuku. Bambo a Tadala ndalama yanu ndi yanu koma ine ndikanakhala inu ndikanaganiza za mpopi wa khadi.

Adimini: Aphunzitsi za Likhubula tisaziyambe pano, gulu linatsala pangono kutha chaka chija kkkk

Mwana wa pa Ndata: Koma aphunzitsi abweretsa mfundo yomwe ikuyankha funso la mayi a Chifundo la netiweki. Makina a khadi yoikamo ndalama safuna netiweki pa nthawi yogula, ndalama ili kale pa khadi kapena mu kaundula wa mmakina, netiweki imafunika poika ndalama ndi potumiza malipoti basi. Njira ina ndi ya tokeni, mmene timagulira mayunitsi a ESCOM, umalipira pa foni nkulandira manambala 20, mita ilibe intaneti koma imadziwa kuti manambalawo ndi enieni chifukwa masamu ake ali mkati, ndipo tokeni ikagwira kamodzi siigwiranso. Ma sola a ngongole aja amayenderanso chimodzimodzi. Ndiye makina a bambo a Tadala atha kukhala ndi zonse ziwiri, netiweki ikakhalapo PIN basi, ikagwa pa makina koma foni ya kasitomala ikugwirako pangono alipire pa USSD, timanambala toyamba ndi * tija, alandire khodi ya manambala ochepa alembe pa timabatani. USSD imagwira olo pa kafoni ka mabatani, *211# kapena *444#, sizifuna bando. QR yokha ingasale anthu ambiri, komanso akamberembere amatha kumata QR yawo pamwamba pa yanu ndalama nkumapita kwina, nde ngati muika QR ikhale yotuluka pa sikirini osati ya pepala.

Ejenti wa pa Limbuli: Nanga ikagwa yonse? Nthawi ya Freddy mu March 2023 kuno tinakhala opanda magetsi opanda netiweki, milatho itakokoloka, amene anali ndi ndalama mufoni anali ngati alibe kanthu. Amene anadya ndi amene anali ndi kashi kapena amene wa gulosale amamudziwa nkhope

Mayi a Chifundo (Chitakale): Eetu ankolo, nthawi imeneyo kabuku kanga ka ngongole kanadzadza mpaka ndinayamba kulemba pa katoni ya sopo. Ena anabweza ena mpaka lero timangopatsana moni. Makina sangapereke ngongole, mwina nchifukwa chake bambo a Tadala akuwafuna kkkk. Koma ndinene chilungamo bambo, inu mwati mwatopa ndi kusiya munthu pa okala, komatu munthu mumufunabe. Ndani azikaoda katundu ku Limbe, ndani azidzadza mizere, ndani azipukuta galasi, botolo likakakamira pa sipiringi ndani abwere ndi kiyi? Munthu yemweyo ali ndi kiyi atha kutenga mabisiketi 10 nkunena kuti makina anatulutsa okha.

Mwana wa pa Ndata: Kusiyana kwake mayi ndi koti pano pali mabuku atatu omwe sanalembe iyeyo. Kampani ya foni ili ndi mndandanda wa ndalama zomwe zalowa, makina ali ndi mndandanda wa zomwe mota yatembenuza, ndipo sensa ya chitseko ili ndi nthawi yomwe chinatsegulidwa. Wodzadza katundu akafika alembe pa foni kuti ndaika 20 mu A1 nkujambula chithunzi. Kumapeto kwa sabata zoikidwa kuchotsa zogulidwa ziyenera kufanana ndi zotsala, zikasiyana mumadziwa tsiku ndi ola lomwe zinasowa. Kuba sikutheratu koma kumakhala kovuta kukana. Kwa ine phindu lenileni la makina amenewa lili pamenepo, chitsulocho ndi firiji chabe ya mabatani. Ndipo mayi inunso mutha kuchita zomwezo pa gulosale popanda loboti, till number ndi kaapu ka sitoko basi.

Mayi a Chifundo (Chitakale): Till ndili nayo kale, paja a Reserve Bank anaika lamulo mu 2019 loti bizinesi ya laisensi ikhale ndi njira yolandirira ndalama pa foni kapena pa makina. Koma kaapu ako udzandiikire ukadzabwera ku Chitakale mwana wanga, chinanazi ndikupatsa

Mphunzitsi wa ku Chonde: Kanthu kena, makinawo azisunga manambala a foni a ana a eni ndi zomwe agula ndi nthawi yake. Mtsikana wagula mapadi 11 koloko usiku, nambala yake ili pa foni ya wodzadza katundu, mawa ayamba kumuimbira. Pano kuli lamulo la Data Protection la 2024, a MACRA ndi amene akuliyanganira. Wodzadza katundu aziona sitoko yokha, manambala a anthu ayi.

Mwana wa pa Ndata: Zotheka aphunzitsi, aliyense amapatsidwa khomo lake, mwini amaona ndalama, wodzadza amaona mizere, wokonza amaona zofooka za makina. Manambala titha kubisa pakati nkusiya atatu omaliza, ongokwanira kuthandiza munthu akadandaula kuti ndalama yake sinabwerere

Ejenti wa pa Limbuli: Ndipo pa makinapo mulembe nambala yoimba zikavuta, yoyankhidwa ndithu osati ya ku Joni. Munthu wa kuno makina akamudyera K1,500 kamodzi osabwezeredwa, pofika madzulo hositelo yonse yadziwa kuti ndi akuba, wachiwiri abwera ndi mwala. Muwerengerenso kuti pa malonda aliwonse olumikiza aja amadulapo kawo, nde pa kanthu kotchipa ngati switi phindu lonse litha kuthera pomwepo, muziika zinthu zokhala ndi mpata.

Waya wa pa Luchenza: Za mwala zija, makina akhale mkati mwa mpanda pomwe pali mlonda, amangidwe ku khoma ndi mabawuti, kutsogolo chitsulo cha mabagala. Si za akuba okha, makina amenewa ndi olemera ma kilogalamu mazana angapo, munthu akamawagwedeza ngati mmene akunenera a Kabaza amatha kumugwera nkumuphwanya

Kabaza wa pa Thunga: basi ndasintha maganizo, ndizingonyamula makireti kuchoka pa Thyolo boma, mundilembe ntchito big

Bambo a Tadala (Joni): kkkk a Kabaza tikambirana. Abale mwandipatsa homuweki yambiri, ndimaona ngati ndi kungogula nkuimika. Nde ndawerengera kuti pali makina, thiransipoti kudzera Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, msonkho wa MRA pa boda, kabokosi ka achemwali, batire, chilolezo cha ku khonsolo, lendi ya malo. Ku Japan akuti makina otere alipo pafupifupi 4 miliyoni mpaka mmisewu ya kumidzi, ife amodzi okha mutu waima

Mayi a Chifundo (Chitakale): Musanakweze chitsulo pa thiraki tayesani kaye msika. Pezani malo omwewo muike kabati ya loko ndi mwana wodalirika usiku kwa temu imodzi, azilandira pa till yokha kashi ayi, muone kuti chikuyenda nchiyani ndipo ndi angati amene amabwerera chifukwa mufoni mulibe. Sitetimenti ya till ikuuzani zoona. Komanso mukumbukire kuti sukulu imatseka, miyezi ya holide makinawo azingodya magetsi

Wamkaka wa ku Bvumbwe: Achemwali a pa Ndata, za sensa ya kutentha yotumiza meseji ija, ingatheke payokha pa thanki yathu popanda zogulitsazo? Ndikufuna ndikaitule ku komiti

Mwana wa pa Ndata: Ingatheke bambo, imeneyo nde yosavuta kwambiri, sensa imodzi, kabodi, simu ndi batire. Mundiuze thankiyo ndi ya malita angati komanso foni zingati zizilandira uthenga, ndikulemberani zofunika kugula. Bambo a Tadala inu chithunzi cha bodi chija chikhale chowala, mujambulenso kachitsulo kali kumbuyo kapena mkati mwa chitseko kolembedwa dzina la makina ndi model number, ndi zimene ndifufuzire buku lake

Waya wa pa Luchenza: Mujambulenso sitika ya pa kompuresa, ndione gasi wake. Ngati ndi R134a ndili naye, akakhala R12 wakale uja asiyeni konko

Bambo a Tadala (Joni): Chabwino, ndilowa shifiti ya mmawa nde pofika 10 koloko zithunzi zikhala zili pano. A Waya nambala yanu ndi yomwe ija kapena munasintha?

Waya wa pa Luchenza: Yomwe ija, koma muziimba madzulo, masana ndimakhala mmanja muli girizi